Nsomba za m'Galasi la a Kanema

Dzina lenileni la alamu anga amalidziwa ndi akulu anga okha, amene anakwatiwa nawo, ndipo nawonso amalitchula akapsa mtima basi. Padoko ponse, kuyambira kwa ogulitsa ayezi mpaka kwa osoka maukonde, amangoti a Kanema. Dzinali linabwera ndi kabokosi kotuwa kokhala ndi galasi kutsogolo, kamene anakamangirira pambali pa chiwongolero cha boti limene ankayendetsa. Anali makina osonyeza pamene pali nsomba pansi pa madzi. Masiku amenewo panalibe boti lina padoko pathu lokhala ndi chinthu choterocho, choncho anthu ankabwera kudzasuzumira ngati muli filimu.

Ine ndimakonza mafoni, mawailesi ndi matochi m'kashopu ka mumsewu wotsikira kudoko, pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa mafuta a injini. Ndanena zimenezi msanga kuti mudziwe kuti pabanja pathu panali munthu wodziwa mawaya, koma zaka zonsezo alamu sanandilole ngakhale kupukuta fumbi pakabokosi kawo.

"Mlamu, iwe uzikonza timafoni ta anthu achibwenzi," ankatero. "Ichi n'chinthu cha panyanja."

Ndinkangoti chabwino, koma mumtima ndinkasunga.

Botilo silinali lawo. Linali la a Madamu, mayi wamasiye amene amaopa madzi moti ngakhale pamlatho amadutsa atatsinzina, koma nsomba amazidziwa bwino zikafika pasikelo. Makinawo anagula ndi malemu amuna awo pamene kampani ina inkagulitsa katundu wake itagwa. Anabwera m'katoni yong'ambika, opanda kabuku kofotokoza kagwiritsidwe ntchito kake, ndipo malemuwo anangopereka katoniyo kwa alamu kuti aone chochita. Alamu anatha masiku akuboola, akumanga, akutukwana, mpaka galasi linayaka. Nsomba zinayamba kudutsa kuchokera kumanja kupita kumanzere, zazing'ono ndi zazikulu, tinambala tikusinthasintha pakona. Anthu anaomba m'manja, ndipo wina anawagulira alamu chakumwa.

Kunena chilungamo, alamu ankaidziwa nyanja makinawo asanabwere. Anayamba ntchito yokoka ukonde ndevu zisanamere. Ankadziwa kuti thanki ya madzi ya m'tauni ikalunjikana ndi nsonga ya phiri lakumbuyo, pansi pamenepo pali miyala imene nsomba zimakonda. Ankaona mbalame, ankaona mtundu wa madzi, ankanunkhiza mphepo. Koma zimenezi sizipatsa munthu ulemu, chifukwa nkhalamba iliyonse padoko imati imazidziwa. Galasi ndi limene linachititsa kuti anthu ayambe kuwavulira chipewa.

Kawerengedwe kawo ndinkakamva kwa anzawo a m'boti, amene amabwera kudzatchajitsa mafoni kwa ine n'kumacheza ngati ine ndi khoma. Akafika pakati pa nyanja, alamu ankachepetsa injini, n'kuvula chipewa, n'kutsinzina diso limodzi, n'kugogoda galasi ndi chikhadabo. Kenako ankayang'ana kutali ngati munthu amene akuwerengera samu m'mutu, n'kubwereranso pagalasi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pano." Ukonde unkatsika, ndipo nthawi zambiri unkabwera wolemera.

Chodabwitsa chinali chakuti galasilo silinkasowa nsomba. Kulikonse kumene boti lili, nsomba zinkadutsa. Wina akafunsa kuti, "A Kanema, bwanji osaponya apa, taonani chigulu icho," alamu sankachedwa kuyankha.

"Zimenezo ndi zadzulo. Makina akungokumbukira."

Tsiku lina ankati zimenezo zakhuta, sizingalowe muukonde. Tsiku linanso ankati zili paulendo, musazisokoneze. Padoko penipeni, pamene munthu amaima madzi n'kumulekeza m'chiuno, tinambala tinkanena kuti pansi ndi patali kuposa kutalika kwa nyumba yosanja. Alamu ankati makina awo ndi amphamvu zedi, amapyola matope n'kukayeza pathanthwe. Anthu ankagwedeza mitu, chifukwa munthu amene wadzaza boti satsutsika.

Amene ankavutika kwambiri ndi maphunziro amenewa anali Jekete, mwana wa achimwene awo a Madamu. Ndi bambo wamkulu ndithu, wa ana ake, ndipo dzinalo anamupatsa chifukwa amavala jekete yoyandamitsa ngakhale akamamwa tiyi kumtunda. Ankafuna chiwongolero, ndipo sankabisa. Azakhali ake anamuuza kuti tsiku limene adzathe kuwerenga makina ngati a Kanema, boti adzamupatsa. Munthuyo anayesetsa, ndimuchitire umboni. Ankaima kumbuyo kwa alamu n'kumatsinzina nayenso diso limodzi. Akati apa pali nsomba, ukonde unkabwera ndi udzu. Akati apa palibe, alamu ankati "Pano," boti n'kudzaza. Pomaliza anavomereza kuti makinawo ali ndi chinsinsi chimene mkuluyo akukana kuphunzitsa.

Chiwongolero chimenecho ndi chokhacho chimene alamu anali nacho. Mawondo anali atatha, ukonde sakanakokanso. Pansi pa shedi ya ayezi pali benchi pamene oyendetsa maboti akale amakhala tsiku lonse, akusewera drafuti ndi zitsekerero za mabotolo, akukangana za nsomba zimene anagwira anzawo asanabadwe. Alamu ankadutsa pamenepo mothamanga, mawondo owawawo, osayang'ana kumbali. Akulu anga anandiuza kuti munthuyo ankalota benchi limenelo n'kudzuka atatuluka thukuta.

Zaka zomalizirazi ukonde unayamba kupepuka. Pamiyala paja pa thanki ndi phiri nsomba zinachepa, koma pagalasi zinkadutsabe zonenepa ngati kale. Alamu ankati galasi lakalamba, layamba kukumbukira kwambiri. Anzawo a m'boti anayamba kung'ung'udza, ena anasamukira m'maboti ena, a Madamu nkhope inayamba kukwinyika pasikelo.

Ndiye m'mawa wina galasi silinayake.

Padoko aliyense ndi dokotala. Woyendetsa boti loyandikana nawo anati makina alowa chinyezi, awakwirire mumpunga. Anawakwirira, akulu anga akulira mpunga wawo. Wogulitsa mafuta anati awayanike padzuwa. Wina anati awamenye kumsana ndi chikhatho monga timachitira ndi wailesi. Winanso anachotsa fyuzi n'kuikulunga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Mkulu wa mpingo anawasanjika manja. Onsewa anadutsa pakhomo pa shopu yanga popita ndi pobwera, ndipo palibe anaganiza zogogoda.

Boti linakhala padoko, chifukwa alamu anakana kupita panyanja opanda galasi. Ankati kumeneko n'kuyenda mumdima. A Madamu anawaitana kusikelo, ndipo mawu awo anamveka mpaka kwa osoka maukonde.

"A Kanema, ine ndimakusungani chifukwa cha makina aja. Popanda makina chiwongolero angagwire aliyense, ndipo mwana wa achimwene anga wadikira mokwanira. Akapanda kuyaka sabata ino, mundibwezere makiyi."

Masana a tsiku limenelo ndinaona chithunzithunzi pakhomo. Anali alamu, atanyamula kabokosi kokulunga m'thaulo, mpunga ukugwa m'njira monse. Anavula chipewa, chinthu chimene sanachitepo m'shopu yanga.

"Alamu, mwaswera bwanji?"

Ndinayang'ana kumbuyo kwanga kuti ndione amene akupatsidwa ulemu woterowo.

"Ndaswera. Mwabweretsa kafoni ka chibwenzi?"

"Musatero, alamu. Zandivuta."

Ndinkafuna kuwazunza pang'ono, ndipo ndinali ndi mawu amene ndinasunga zaka zambiri. Koma ndinawamvera chisoni, choncho ndinangowatuma kuti akatenge batire ndi waya yense wochokera kubatire kufika kumakina.

Ndinayambira kubatire, chifukwa amuna ambiri amathamangira kung'amba mimba ya makina pamene vuto lili pakhomo. Mita yanga yoyezera magetsi inasonyeza kuti batire lili ndi moyo. Fyuzi inali yabwinobwino, kupatula pepala la fodya lija, limene likanatha kuotcha boti lonse. Nditayeza kumapeto kwa waya, magetsi sankafika. Ndinasenda waya pafupi ndi kachubu ka fyuzi, ndipo m'malo mwa mkuwa wofiira ndinapeza ufa wobiriwira. Chinyezi chinali chitadya waya m'kati, kunja akuoneka wathanzi. Ndinadula mbali yowolayo, n'kulumikiza waya watsopano, n'kuwotcherera, n'kupala timano ta pulagi ndi sandipepa mpaka tinawala. Mpunga wotsala ndinaukutumulira m'mbale ya zomangira.

Nditadina batani, galasi linayaka. Nsomba zinayamba kudutsa kuchokera kumanja kupita kumanzere.

"Zabwera," anatero alamu. Anatambasula manja kuti anyamule mwana wawo.

"Taimani kaye. Nsombazi zili kuti?"

"Pansi."

"Alamu, pansi pa tebulo langa pali simenti, katoni ya mafoni akufa ndi mphaka wa wometa."

"Makina akukumbukira."

"Makina amene agona mumpunga sabata yonse ali chikomokere?"

Ndinatembenuza kabokosiko. Kumbuyo kunali mabowo awiri a pulagi. Limodzi linali la magetsi, limene ndinali nditangokonza. Linalo linali lotseka ndi kachivindikiro ka mphira, ndipo kanali katamatirira ndi litsiro la zaka zambiri. Nditakachotsa ndi nsonga ya mpeni, timano ta m'kati tinali tonyezimira ngati tangochoka kumene kufakitale. Pakona ya galasi panalinso kapepala komata kolembedwa kuti Mulungu Ndi Wabwino. Alamu anati anakamata kalekale chifukwa pamenepo pankaphethira mawu achilendo amene ankawapweteka m'maso. Nditakamatula, mawuwo anali akuphethirabe. Ankanena kuti zimene mukuonazi n'zongoonetsera.

Makina amtundu umenewu paokha saona kanthu. Amayenda ndi khutu, kachinthu kolemera kamene amamangirira kumbuyo kwa boti, pansi pa madzi. Khutulo limaponya kaphokoso pansi n'kumvera mmene kakubwerera, ndipo galasi limangojambula zimene khutu lamva. Opanga makinawo anaikamonso kafilimu ka nsomba zabodza koti kazionetsa makina akakhala pashelefu m'sitolo, kuti ogula akopeke. Makina akayaka n'kupeza kuti khutu palibe, amaganiza kuti ali m'sitolo, ndipo amayamba kafilimu kaja. Kakatha, kamayambiranso.

Ndinawafotokozera zonsezi pang'onopang'ono, kenako ndinafunsa.

"M'katoni muja munalibe chinthu china? Chakuda, cholemera, chachingwe chachitali?"

"Chinalimo."

"Chili kuti?"

"Ndinachisunga bwino," anatero, ndipo m'mawu awo munali kunyada. "Chili pamwamba pa wadiropu."

Tinatseka shopu n'kupita kwawo. Akulu anga anatipeza kuchipinda, alamu atakwera pampando ndi mawondo awo aja, akutsitsa chitini cha mabisiketi chimene chinali pambali pa nsapato zawo za ukwati. M'chitinimo munali pepala lapulasitiki, m'pepalamo munali lina, m'linalo munali sokisi, ndipo m'sokisimo munali khutu, latsopano, chingwe chake chikadali chomangidwa ndi kawaya ka kufakitale.

"Chinthu chimenecho anandiletsa kuchikhudza ndi manja onyowa mwana wathu woyamba akadali kumsana," anatero akulu anga. "Nyengo ya mvula denga likamadontha, timayamba kusuntha chimenecho, ana pambuyo."

"Chinthu cha magetsi sichikhudza madzi," anatero alamu akutsika pampando. "Ngakhale mwana amadziwa. Malemu bwana anati mwina chimamangidwa kunsi kwa boti, ine ndinati bwana, mukufuna tipse tonse pakati pa nyanja? Iwo anati zoonadi, sungani."

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinakhala pabedi la eni ake ndikugwira nthiti. Amuna awiri akuluakulu anagwirizana kuteteza khutu la m'madzi kuti lisanyowe, ndipo doko lonse linakhala zaka likuvulira chipewa kafilimu ka m'sitolo. Jekete anaonda ndi kuphunzira kafilimu. Mkulu wa mpingo anapempherera kafilimu. Nditakweza maso ndinaona nkhope ya alamu, ndipo kuseka kunathera pomwepo.

Tinakhala pabalaza, khutu lili patebulo pakati pathu. Ndinawauza mosabisa kuti njira zilipo ziwiri. Yoyamba, khutu libwerere m'sokisi, kapepala kabwerere pakona, ine nditseke pakamwa, iwo mawa akwere boti makina akuyaka monga kale. A Madamu akhutira, makiyi akhala m'thumba mwawo. Yachiwiri, timange khutu, makina ayambe kunena zoona.

"Koma mumve bwino, alamu. Akayamba kunena zoona, awerenga aliyense. Pamene pali nsomba aonetsa nsomba, pamene palibe aonetsa poyera. Sipafunikanso kutsinzina diso. Jekete awerenga tsiku loyamba lomwe."

Akulu anga sanadikire kuti ndimalize. Anali atanyamula kale sokisi.

"Bambo a ana, bwezerani pawadiropu. Waona ndani? Uyu ndi m'bale wanga, sanena. Mukufuna mukakhale pabenchi paja?"

Inenso ndinali mbali yomweyo, ngakhale kuti ntchito yanga ndi yokonza zinthu. Ndinati palibe amene wafa ndi kafilimu.

Alamu ananyamula khutulo n'kumalitembenuza m'manja.

"Ndiye zaka zonsezi nsomba ankapeza ndani?"

"Inuyo," ndinatero. "Inu nokha, ndi thanki yanu, ndi mbalame zanu."

Ndinkaganiza kuti asangalala. Munthu wina akanadzigunda pachifuwa n'kupita kukalalikira padoko. Iwo anangogwedeza mutu pang'onopang'ono.

"N'chifukwa chake zikuchepa. Ine ndimati galasi lakalamba, kani wakalamba ndine. Malo amene ndimawadziwa ndi omwe aja, ndipo nsomba zinasamukamo." Anaika khutu patebulo. "Anthu aja akubwerera kwa akazi awo manja ali lende, ine n'kumawauza kuti zakhuta. Pamenepo ndinkanama ndisakudziwa. Mawa ndikanama ndikudziwa?"

"Anthu amanama akudziwa tsiku ndi tsiku, ndipo amanenepa," anatero akulu anga.

"Mlamu, ukamange khutulo."

Ndinakwiya nawo kwambiri, ndipo sindinawakondepo ngati tsiku limenelo. Akulu anga anaponya sokisi pansi n'kupita kukhitchini, kumene mapoto anayamba kulira mokweza kuposa masiku onse.

M'mawa mwake tinakokera boti kumtunda, ine n'kuboola kumbuyo kwake, n'kumanga khutu ndi mabawuti, n'kumata mabowo kuti madzi asalowe. Anthu anatizungulira. Alamu anawauza kuti tikuwonjezera mphamvu, ndipo zimenezo sizinali zabodza. Pamene boti linkabwerera m'madzi, khutu n'kumira, ndinaona alamu akubwerera m'mbuyo n'kuchotsa dzanja pachitsulo. Mpaka pano sindikhulupirira kuti mumtima anavomereza kuti chinthu chachingwe chinganyowe popanda kupha munthu.

Ndinakwera nawo kuti ndikaone mmene makina akuchitira. Padoko tinambala tinanena kuti madzi ndi olekeza m'chiuno, ndipo mmodzi wa okoka ukonde anadandaula kuti ndawafooketsa makina, sakupyolanso matope. Injini italira, galasi linadzaza mizere ngati wailesi yakanema yopanda mlongoti. Chingwe cha khutu chinali chitagona pamodzi ndi mawaya a injini, choncho ndinachisuntha n'kuchidutsitsa mbali ina, mizere n'kutha. Boti litathamanga, pansi pa nyanja panasowa pagalasi, chifukwa thovu linkadutsa pakhutu. Tinaima, ine n'kuwerama kumbuyo, Jekete atandigwira miyendo, n'kutsitsako khutu pang'ono. Kuyambira pamenepo mzere wa pansi unaoneka bwinobwino, ukukwera ndi kutsika.

Alamu analunjika kumalo awo akale. Thanki italunjikana ndi phiri anachepetsa injini, n'kuvula chipewa mwa chizolowezi. Pagalasi miyala inaoneka, yomwe ija anakhala akuinena zaka zonse osaionapo, ili mbuu pamalo pake penipeni. Pamwamba pa miyalayo panali poyera. Kansomba kamodzi kanadutsa kokha.

Alamu anavala chipewa n'kuwonjezera moto. Tinapita pamalo achiwiri, tinapeza chimodzimodzi. Achitatunso chimodzimodzi. Okoka ukonde anayamba kundiyang'ana ngati ndine ndathamangitsa nsomba.

Tikubwerera, tinadutsa pamalo ena amene alamu ankati ndi chipululu, pamene sanaponyepo ukonde chiyambire. Galasi linada mwadzidzidzi. Chimtambo chachikulu chinaima pakati pa madzi, chothithikana, ndipo sichinkadutsa mwaulemu kuchokera kumanja kupita kumanzere ngati nsomba za kale zija. Jekete anali kumbuyo kwa alamu monga mwa masiku onse, diso limodzi atatsinzina. Analitsegula.

"A Kanema, apa," anatero mwamantha. "Kapena ndi zadzulo?"

Onse anayang'ana alamu. Akanatha kugogoda galasi, kuyang'ana kutali, kudikira pang'ono n'kunena mawu awo aja, ndipo ulemu ukanakhala wawo kwa tsiku linanso.

"Ndi zalero," anatero. "Waona bwino. Ponyani."

Ukonde umenewo unavuta kukoka. Ngakhale ine, wokonza timafoni, ndinagwira nawo chingwe. Anthu ankaimba, Jekete ankaseka ngati wachira matenda, ndipo alamu anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, maso ali kutsogolo.

Kusikelo a Madamu anamwetulira mpaka mano am'mbali. Anafunsa kuti makina ali bwanji tsopano, ndipo okoka ukonde, anthu osadziwa kusunga pakamwa, anayankha onse pamodzi kuti makina achira kotheratu, tsopano akuyankhula zomveka, ngakhale mwana angawerenge, ndipo amene anaona nsombazi ndi Jekete. A Madamu anayang'ana mwana wa achimwene awo, n'kuyang'ana mawondo a alamu. Ine ndinaona masamu akuyenda pankhope pawo.

Sanawachotse tsiku lomwelo, ndi mayi wodziwa manyazi. Anadikira nyengo ithe. Kenako anakonza kamwambo pansi pa shedi ya ayezi, ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi mabanzi, n'kuyankhula mawu okoma onena za munthu amene anabweretsa chitukuko padoko. Anali atagulira Jekete makina atsopano, agalasi lamitundumitundu, choncho kabokosi kotuwa kaja anakapereka kwa alamu ngati mphatso, atakamanga riboni. Khutu linatsala kuboti, chifukwa a Madamu anati mabawuti ndi awo. Nkhalamba za drafuti zinasunthirana, n'kusiya malo kumapeto kwa benchi, ndipo imodzi inapukutapo ndi chipewa.

Chinsinsi cha kafilimu sichinatuluke. Mpaka lero padoko amati makina akale anali ovuta, ofuna mutu, osati a masiku ano amene amangomutafunira munthu. Jekete amauza anthu kuti anaphunzira kwa katswiri, ndipo amatsinzinabe diso limodzi asanaponye ukonde. Boti likudzaza. Amene anathawa aja anabwerera.

Alamu amapita pabenchi m'mawa uliwonse. Drafuti sadziwa, amadyedwa ndi aliyense. Amanditchulanso kuti iwe, ndipo ndimakonda choncho.

Tsiku lina ndinapita kwawo kukasiya wailesi ya akulu anga imene ndinakonza. Alamu ndinawapeza pabalaza okha, masana dzuwa lili phwee. Kabokosi kaja anakaika pakabati, pamwamba pa kansalu koluka, atakalumikiza kubatire la njinga yamoto limene anandipempha osanena ntchito yake. Popeza khutu palibe, makina ankaganiza kuti abwerera m'sitolo. Nsomba zinkadutsa kuchokera kumanja kupita kumanzere, zonenepa ngati kale. Pakona panali kapepala katsopano.

"Alamu, mukudziwa kuti zimenezo..."

"Ndikudziwa. Khala pansi." Anandisunthira mpando osachotsa maso pagalasi. "Izi ndiye ndimazidziwa zonse. Zikadutsa zazing'ono izi, pansi pakwera pang'ono, kenako kubwera chachikulu chija. Dikira."

Tinadikira. Pansi panakwera, ndipo chachikulu chija chinatulukira kumanja, chikuyenda mosafulumira. Alamu anavula chipewa, n'kugogoda galasi ndi chikhadabo.

"Pano," anatero motsitsa mawu, n'kuchiperekeza ndi chala mpaka chinakalowa kumanzere.